Kuzonda Agogo ndi Mwambo Wathu



Lero taona magule ndipo tamva mbiri ya makolo athu. Koma ambiri mwa amene adatisungira zimenezi sanafike pabwalo lino. Atsala kumudzi, ena miyendo yawakana, ena maso achita mdima. Ndaima pano kuti tikambe za iwowa.

Mukafunsa agogo kuti "Mwadzuka bwanji?" yankho limakhala limodzi: "Ndadzuka bwino." Munthu wamkulu sadandaula pamaso pa ana. Choncho kuzonda kwenikweni kumafuna kuyala mphasa, kukhala pansi ndi kuyang'anitsitsa. Mu 2017 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa malangizo a kasamalidwe ka okalamba, ndipo zinthu zisanu ndi chimodzi zimene limati tiziunika, tingathe kuziona tili pakhonde.

Choyamba ndi mphamvu za m'miyendo. Kodi angadzuke pampando kasanu motsatizana osagwira kanthu? Ngati sangathe, kugwa kuli pafupi, ndipo fupa la wokalamba limachedwa kulumikizana. Chachiwiri ndi kadyedwe. Onani ngati chitenje chayamba kukula m'chiuno, ngati nsima ikubwerera m'mbale, ngati mano akadalipo otafunira. Chachitatu ndi maso. Ng'ala imachotsedwa kuchipatala, monga ku Nkhoma, ndipo ambiri amaonanso. Chachinayi ndi makutu: imani kumbuyo kwawo, munong'oneze mawu, muone ngati amva. Chachisanu ndi mtima. Agogo amene asiya kupita kumaliro, kutchalitchi kapena kumzikiti, namangokhala chete m'nyumba, akhoza kukhala kuti akudwala nkhawa.

Chachisanu ndi chimodzi ndi kukumbukira, ndipo apa ndikupempha tcheru. Atchulireni zinthu zitatu, mucheze nawo pang'ono, kenaka muwafunse zinthu zija. Alipo matenda a ubongo amene amachititsa munthu kuiwala maina a ana ake, kusokera m'mudzi mwake momwe, ngakhale kutuluka usiku osadziwa kumene akupita. Mayi wotere akapezeka mbandakucha pakhomo pa eni, ena amathamangira kunena kuti wagwa ku ufiti. Agogo ambiri amenyedwa, ena aphedwa, pa chifukwa chimenechi. Mafumu athu, amenewa ndi matenda. Ndipo lamulo la dziko la Malawi la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti.

Mukaona chokayikitsa, uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, ndipo aperekezeni agogo kuchipatala akawayeze kuthamanga kwa magazi ndi shuga, pakuti matenda awiriwa amadya munthu mwakachetechete. Funsaninso izi: amawatungira madzi ndani? Nkhuni amazipeza bwanji? Denga likudontha? Chimbudzi chili patali bwanji usiku? Agogo ambiri akulera ana amasiye pamene iwo eni akusowa wowalera. Koposa zonse, afunseni iwo eni chimene akufuna, chifukwa ukalamba suchotsa ufulu wolankhula.

Akale adati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Dambo likauma, moto tidzauzimira kuti? Ndikupempha mwini mbumba aliyense ali pano: mvula isanagwe, mukakhale pansi ndi okalamba a m'mbumba yanu, mmodzimmodzi. Inu a m'tauni ndi a ku Johannesburg, ndalama ya pafoni ndi yabwino, koma siiona kuti agogo aonda.