MPIKISANO WA SAYANSI PA SUKULU YA MISYONI

(Mau a pa msonkhano wa aphunzitsi)

Ciyambire 1968, caka cimene bungwe la JETS linakhazikitsidwa muno m'Zambia, anyamata ndi asungwana a kusekondale asonkhana ataweruka, kukonza zokaonetsa pa mpikisano wa sayansi. Opambana pa sukulu yao apitirira kukapikisana m'cigawo, kufikira akumana ndi anzao a dziko lonse. Koma sukulu ya Cikristu polowa m'mpikisanomo isenza katundu woposa kufuna mphotho, ndiye kuphunzitsa ana kunena zoona.

Buku linena kuti madzi awira pa madigiri 100. Mwana wa ku Chipata akaviika coyesera kutentha m'madzi owira, apeza pafupifupi 96. Coyesera sicinalakwe ai. Chipata ali pamtunda, mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo kumeneko mpweya supanikiza madzi kolimba; cotero awira asanafike pa 100. Mwana wamantha afafaniza 96 nalemba 100 kuti agwirizane ndi buku, ndipo pamenepo wacita umboni wonama. Mphunzitsi wanzeru amletsa, namfunsa cifukwa cace ca kusiyanako. Funso lotere ndilo ciyambi ca sayansi.

Mphunzitsi wa kumudzi asadandaule kuti alibe zipangizo, pakuti munda wa sukulu ndiwo nyumba yace yoyeseramo zinthu. Ana azule mtedza naone timatuza ta ku mizu, momwe mukhala tizilombo tosaoneka ndi maso totenga naitrojeni mumpweya. Dzinja lotsatira abzale cimanga pa ndime ziwiri zolingana, ina pamene panali mtedza, ina pamene panali cimanga. Mbeu ikhale imodzi, tsiku lobzala limodzi, kapaliridwe kamodzi, pakuti akasintha zinthu ziwiri pamodzi sadzadziwa cimene cabweretsa kusiyana. Pokolola ayese pa sikelo, nalembe monga apeza, ngakhale zisiyane ndi zimene anayembekeza.

Ciyeso cacikuru cigwera mphunzitsi mwini: kumcitira mwana nchito yonse kuti sukulu ichuke. Oweruza afunsa mwana, osati mphunzitsi, ndipo woloweza mau a mwini agwidwa pa funso laciwiri. Ngakhale asagwidwe, waphunzira kuti cinyengo cipindula, ndipo phunziro limenelo adzapita nalo ku cipatala kapena ku ofesi kumene adzagwira nchito.

Tsono sukulu ikabwera cimanjamanja ku mpikisano, koma ana ace atalemba zimene anaona ndi maso ao, mphunzitsi asacite manyazi. Nchito yace waigwira.