July Akubwerayu Tikaothere Dzuwa ku Zanzibar

Awa ndi mawu amene mkulu wa komiti ya maulendo anayankhula pa msonkhano wa kalabu Loweruka lapitali. Tawaika muno kuti amene simunabwere muwerenge, muwaonetsenso makolo kunyumba.

 

Mwezi watha munatituma ife a komiti kuti tifufuze za ulendo wa kunja uja takhala tikuukamba pa WhatsApp chaka chonsechi. Tafufuza, ndipo maganizo athu ndi awa: kumapeto kwa July chaka chamawa, sukulu zikangotsekera, pamene kuno ku Lilongwe anthu akugona ndi majuzi, ife tikwere basi ya ku Dar es Salaam, tikaone Bagamoyo, kenako tiwolokere ku Zanzibar. Masiku 10, kupita ndi kubwera. Ndikuona ena mwayamba kale kumwetulira. Dikirani kaye. Ulendowu utheka kapena kulephereka malinga ndi zimene tichite pakati pa lero ndi Khirisimasi, makamaka pa nkhani ya mapasipoti ndi ndalama. Ndiye ndimvetsereni mpaka kumapeto.

Ena anafunsa kuti bwanji osapita December, nthawi ya tchuthi chachikulu. Kugombe la Tanzania, December mpaka February kumatentha koopsa, kutentha kwachinyontho koti munthu umatuluka thukuta utangochoka kosamba. March mpaka May ndi nthawi ya mvula yambiri imene eni ake amaitcha masika. Kuyambira June mpaka October kumakhala kouma, ndipo masana ku Dar es Salaam kumafunda pafupifupi madigiri 30, pomwe kuno usiku wa July kumazizira mpaka kutsika pansi pa 10. Vuto ndi lakuti July ndi August ndi miyezi imene azungu a ku Ulaya amakhala pa tchuthi, ndiye malo ogona ku Zanzibar amadzaza ndipo mitengo imakwera. Walira mvula walira matope. Tikafuna malo otchipa, tiwagwire pofika March.

Njira yake ndi yaitali, tisanamizane. Tinyamuka pa M1, kudutsa Kasungu, Mzuzu, kutsika chitunda cha Chiweta, Karonga, mpaka pa chipata cha Songwe, mtunda woposa makilomita 600. Kutsidya kwa mlatho ndi Kasumulu, ndiye kuti talowa Tanzania. Pamenepo aliyense akankhire wotchi yake kutsogolo ndi ola limodzi. Chenjeraninso ndi kawerengedwe ka nthawi ka Chiswahili: iwo amayamba kuwerenga dzuwa likatuluka, moti kondakitala akati basi inyamuka "saa moja" akutanthauza 7 koloko, osati 1 koloko. Mukamva nthawi, funsani kawiri. Safunsa anadya phula.

Tigona ku Mbeya. Mzinda umenewu uli pamapiri ndipo mu July kumazizira ngati ku Dedza, choncho amene mumaganiza zosiya juzi kunyumba, itengeni. Kuchoka ku Mbeya kukafika ku Dar es Salaam ndi makilomita oposa 800, tsiku lathunthu pa basi, kudzera Iringa ndi Morogoro. Msewuwu umadutsa pakati pa nkhalango ya zinyama ya Mikumi, ndiye wokhala pawindo akhoza kuona mbidzi, nyamalikiti ngakhalenso njovu osalipira kanthu. Palinso sitima ya pamtunda ya TAZARA, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la China m'zaka za m'ma 1970, yoyenda makilomita 1,860 pakati pa Dar es Salaam ndi Kapiri Mposhi ku Zambia, ndipo imaima pa Mbeya. Siyenda tsiku lililonse, choncho komiti ikuti popita tikwere basi, ndipo pobwera, ngati tsiku lake ligwirizana ndi lathu, tilawe sitima.

Ku Dar es Salaam tikhala masiku awiri. Likulu la dziko ndi Dodoma, koma mzinda waukulu wa malonda ndi umenewu, ndipo katundu wambiri amene timagula m'misika yathu kuno amatsikira pa doko lake. Tikaona msika wa nsomba wa Kivukoni m'mamawa mabwato akamakocheza, tikaona nyumba yosungira mbiri ya dzikolo, komanso Kariakoo, kumene amalonda athu amakapikula zovala ndi nsapato. Dzina loti Kariakoo linachokera ku mawu a Chingerezi otchulira amtengatenga amene ankanyamula katundu wa asilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ntchito imene agogo athu ambiri anagwiritsidwanso kunoko. Mumzindamo tiziyenda pa mabasi aatali otchedwa mwendokasi, amene ali ndi msewu wawowawo kuyambira 2016, kapena pa daladala, omwe ndi maminibasi awo. Kabaza wa njinga yamoto, amene kumeneko amati bodaboda, komiti yakana. Anthu 20 sitingamwazikane pa njinga 20 mumzinda umene sitikuudziwa.

Tsopano Bagamoyo ndi Stone Town. Apa ndiye pagona chifukwa chimene tasankhira njira imeneyi kusiyana ndi kungopita kugombe lina lililonse. Tonse tinaphunzira kusukulu za Jumbe wa ku Nkhotakota, amene m'zaka za m'ma 1800 ankawolotsa anthu panyanja yathu kuti akagulitsidwe. Ambiri mwa anthuwo ankayendetsedwa wapansi mpaka ku Kilwa, kugombe la Tanzania, ndipo kuchoka uko ankatengedwa pa mabwato kupita ku msika wa akapolo wa ku Zanzibar. Msikawo unatsekedwa mu 1873, ndipo pamalo pomwepo amishoni a UMCA anamangapo tchalitchi chachikulu cha Anglican chimene chilipo mpaka lero. Amishoni omwewo ndi amene anadzamanga tchalitchi cha St Peter's pa chilumba cha Likoma. M'tchalitchi cha ku Zanzibar muli kamtanda kosemedwa kuchokera ku mtengo umene pansi pake anakwirirapo mtima wa David Livingstone ku Chitambo, ku Zambia. Pafupi pake pali zipinda zapansi, zamdima, zimene alendo amaonetsedwa kuti aone mmene anthu ankasungidwira. Tikalowa mmenemo, mafoni akhale m'thumba kaye. Mwa anthu amene anagulitsidwa pamalopo munali Achewa, Amang'anja ndi Ayao.

Bagamoyo ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kumpoto kwa Dar es Salaam, ndipo tikapita m'mawa n'kubwerera madzulo. Kumeneko ndi kumene Susi ndi Chuma anafikitsa thupi la Livingstone mu 1874, atalinyamula miyezi yambiri kuchokera ku Chitambo. Chumayo anali Myao. Dzina la tauniyi amalimasulira kuti "tula mtima wako", chifukwa pa Chiswahili moyo ndi mtima. Mudzaona nokha kuti mawu ambiri tikumvana nawo: nyama, mvua, maji, kupika.

Kuwoloka kuchoka ku Dar es Salaam kupita ku Zanzibar ndi maola pafupifupi awiri pa sitima yothamanga. Matikiti tikagula pa ofesi ya kampani, tonse pamodzi, ndipo anyamata oimitsa anthu panja pa doko tikangowapatsa moni n'kudutsa. Mu July kumawomba mphepo ya kum'mwera imene iwo amati kusi, mbale wake wa mwera wathu uja, ndiye nyanja imawinduka. Amene mumachita chizungulire pa Ilala, gulani mankhwala ake musananyamuke. Ndipo tizikumbukira kuti mu September 2011 sitima ya Spice Islander, itadzaza mopitirira muyeso, inamira pakati pa zilumba za kumeneko, ndipo mu July 2012 ina yotchedwa Skagit inamiranso ikuchokera ku Dar es Salaam. Anthu ambiri anafa. N'chifukwa chake pa nkhani ya sitima sitisaka zotchipa.

Zosangalatsa ziliko, musade nkhawa. Madzulo ku Forodhani, m'mphepete mwa nyanja ku Stone Town, anthu amayala matebulo a zakudya: kanyenya wapamtengo wotchedwa mishkaki, msuzi wa urojo, madzi a nzimbe ofinyira pomwepo. Funsani mtengo musanalume. Tikayenda m'tinjira topanikizika ta mzinda wakalewo, umene bungwe la UNESCO linauika pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse mu 2000. Tikaona anyani ofiira a m'nkhalango ya Jozani, ndi minda ya zokometsera zakudya kumene amalima karafuu. Masiku awiri omaliza tikakhala kugombe la kumpoto, ku Nungwi kapena Kendwa.

Pa zosambira ndiyankhule ndi inu amene munakulira ku Salima ndi ku Mangochi, amene mumati madzi simuwaopa. Nyanja yamchere ili ndi khalidwe lina. Madzi ake amaphwa ndi kudzaza kawiri patsiku. Kugombe la kum'mawa, monga ku Paje ndi Jambiani, amathawa kutali moti umayenda pamchenga mpaka kutopa, kenako amabwerera iwe uli pakati. M'miyala mumabisala tizilombo takuda ta minga yaitali imene imathyokera m'phazi, choncho tengani nsapato zolowa nazo m'madzi. Lamulo la komiti ndi ili: palibe kusambira wekha, palibe kusambira usiku, palibe kusambira utamwa. Ndipo udzudzu uliko ngati kuno, malungo ndi omwewa.

Anthu ambiri a ku Zanzibar ndi Asilamu. Zovala zosambira zithere kugombe. Mutauni tivale zofika m'mawondo ndi zophimba mapewa, anyamata ndi atsikana chimodzimodzi, ndipo achemwali chitenje chisachoke m'chikwama. Osajambula munthu usanapemphe. Wamkulu timamupatsa moni woti "shikamoo", iye amayankha "marahaba". Majumbo apulasitiki analetsedwa m'dziko la Tanzania kuyambira pa 1 June 2019, ndiye katundu wanu mulongedze m'zikwama zansalu.

Tsopano mapepala. Amalawi sitifunika viza pa ulendo waufupi wokacheza ku Tanzania, koma pasipoti ndi yofunika, ndipo ikhale yoti yatsala ndi miyezi yosachepera 6 isanathe. Ku Zanzibar amaionanso potsika sitima, ngakhale ndi dziko limodzi. Amene mulibe pasipoti, kalembetseni mwezi uno, musadikire chaka chamawa. Amene simunakwane zaka 18 tifuna kalata yosainidwa ndi makolo, ndipo tipempha akuluakulu awiri, bambo ndi mayi, kuti atiperekeze. Kuyambira pa 1 October 2024 boma la Zanzibar limafunanso kuti mlendo aliyense wochokera kunja agule inshuwaransi yawo asanalowe. Pomwe inkayamba mtengo wake unali madola 44 munthu wamkulu, ndipo yalowa kale mu bajeti yathu.

Nkhani yovuta ndasiyira kumapeto. Ndalama. Zambiri za paulendowu, monga sitima, inshuwaransi ndi malo ogona ku Zanzibar, mitengo yake imatsatira dola, pomwe ife tikusonkha makwacha. Mukukumbukira kuti mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Zoterozo zikachitika ndalama zili chikhalire mu akaunti, ulendo wa masiku 10 usanduka wa ku Senga Bay. Ndiye komiti ikupempha zinthu zinayi. Choyamba, tizisonkha mwezi ndi mwezi kwa miyezi 10, ndipo chilichonse chimene tingathe kulipiriratu, tilipire ndalama ikangokwana. Chachiwiri, ndalama zonse zizilowa mu akaunti ya kalabu ya osainira atatu, ndipo a msungichuma aziika risiti iliyonse pa gulu kuti aliyense aone. Chachitatu, pa ndalama ya munthu aliyense tiwonjezerepo gawo limodzi mwa magawo 10 la zogwa mwadzidzidzi. Likapanda kugwira ntchito tidzagawana tikabwera. Chachinayi, tigwirizane lero lomwe za munthu amene wasintha maganizo pakati panjira. Ife tikuti wotuluka isanafike March abwezeredwe zonse, wotuluka pambuyo pake abwezeredwe zokhazo zimene sizinalipiridwe kale kwina. Makalabu ambiri amatha chifukwa cha nkhani ngati imeneyi, anthu okulira limodzi n'kusiya kupatsana moni. Tilembe, tisaine, tidakali kuseka.

Ndalama zakunja tidzasintha ku banki kapena ku maofesi ovomerezeka, ndipo popeza madola amasowa, tiyambe kufunsira msanga. Amene mukuganiza zokapikula ku Kariakoo kuti mubweze ya thiransipoti, dziwani kuti pa Songwe pali a MRA, ndipo msonkho wa katundu wanu ndi wanu, si wa gulu. Munthu wosamudziwa akakupemphani kuti mumunyamulire kaphukusi kuwoloka nako chipata, kanani, ngakhale atalira.

Ndikudziwa kuti si tonse amene tingakwanitse, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Pasapezeke wotenga katapila kapena wodya fizi chifukwa cha chithunzi cha pa Facebook. Komiti ikuganiza zoti tizitsuka magalimoto Loweruka limodzi pamwezi, tikonzenso mpikisano wa mpira wolipiritsa pakhomo, ndipo phindu lake lichepetse mtengo wa aliyense mofanana. Amene atsale adzalandira lipoti lonse ndi zithunzi, ndipo ulendo wotsatira adzakhala oyamba kusankha kopita.

A mlembi ali ndi pepala kumbuyoko. Amene mwatsimikiza, lembani dzina lanu, mulembenso ngati pasipoti muli nayo kapena ayi. Chopereka choyamba chifike pasanathe mwezi uno. Tikakwana anthu 15, ulendo ulipo. Tikapanda kukwana, aliyense abwezeredwa yake yonse ndipo tikambirana zina. A tcheya, ine ndathera pamenepa. Amene ali ndi funso akweze dzanja.