Kuwerenga Muvi wa Makolo



M'midzi yozungulira Madisi, kufikira kumapiri a Dowa ndi Ntchisi, mivi ya makolo ikalipo, yotsomekedwa kudenga kapena yogona m'phodo lakale. Achewa anadalira uta posaka nyama, ndiponso podziteteza pamene Angoni anafika ndi nthungo ndi zishango, anthu nathawira m'phiri la Ntchisi. Lero odziwa kusiyanitsa miviyi atsala ochepa.

Wofuna kuuzindikira muvi ayambe ndi mutu wake. Chitsulo chosalala chonga tsamba chinkacheka bala lalikulu kuti nyama itaye magazi. Cha mano oloza kumbuyo chinkakanirira m'thupi. Mutu wamtengo wobulungira unali wa mbalame, wogwetsa popanda kung'amba. Chitsulo cha m'ng'anjo chimaonetsa zipsera za nyundo, ndipo mbali zake sizifanana ndendende.

Kachiwiri ayang'ane polumikizira. Mchira wa chitsulo umalowa m'bango, ndipo pakamwa pa bangolo pamakulungidwa mtsempha wa nyama kapena luzi kuti lisang'ambike. M'buku la 1865, David ndi Charles Livingstone analongosola muvi wa ku Shire wokhala ndi kamtengo ka masentimita 25 mpaka 30 pakati pa chitsulo ndi bango. Kamtengoko kankangolowetsedwa osamangidwa: nyama ikalasidwa, bango linkagwa, mutu nkutsalira m'thupi. Pamenepo ndi pomwe ankapaka ulembe wa kombe. Choncho phala lakuda louma pansi pa chitsulo lisakhudzidwe ndi dzanja labala, ndipo ana asaliyandikire.

Kachitatu ayeze bango. Utali wake unkatsata mkono wa mwini uta, ndipo kunenepa kwake kunkatsata kulemera kwa mutu. Bango lopyapyala pa chitsulo cholemera lingasonyeze kuti ziwirizo zinakumanitsidwa pambuyo pake.

Banja losunga muvi lisaupale dzimbiri, lisausinthe bango, lisaugulitse kwa odutsa. Liusunge pouma, kutali ndi chiswe, ndipo lilembe dzina la mwini wake, mudzi wake ndi mfunda wake agogo odziwa akadali moyo. Akale anati muvi woyang'anira suchedwa kulasa m'maso. Nkhalamba ikapita isanafunsidwe, muvi umatsala chitsulo chabe, chopanda dzina ndi kwawo.