Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku la Mafizo ku Petauke

Oimira Mfumu Yaikulu Kalindawalo ndi Mfumu Ndake, bwana DC, akuluakulu a zaumoyo m'maboma a Petauke ndi Nyimba, madokotala ndi anamwino ochokera ku Kalindawalo General, Minga ndi Nyimba, atsogoleri a mipingo, anyakwawa, amayi ndi abambo. Inu a ku Nyimba mwalawira tambala asanalire kuti mukhale nafe pano, zikomo kwambiri.

Lero ndi pa 8 September, tsiku lokumbukira ntchito ya mafizo (physiotherapy). Bungwe la akatswiri a ntchitoyi pa dziko lonse linakhazikitsidwa tsiku ngati lalero mu 1951, ndipo mwambo wokumbukira unayamba mu 1996. Kwathu kuno tikamva za mafizo timaganiza za munthu wofa ziwalo ndi sitiroko, kapena amene wangochotsa chikhakha. Ine ndabwera ndi nkhani ya ululu wina, umene sugoneka munthu pamphasa koma umamulanda ntchito. Mayi wogulitsa nthochi pa Great East Road ku Nyimba akudzuka m'mawa, kungoponda pansi chidendene chikubaya ngati waponda minga. Mlimi wa mtedza ndi thonje phewa lakana, sangakweze khasu, ngakhale kuvala malaya amachita kuthandizidwa. Mmisiri wa matabwa chigongono chikuwawa akangoti agwire nyundo. Anthu amenewa timangowauza kuti ndi nyamakazi, kapena ukalamba, ena mpaka kutemera mphini.

Nthawi zambiri chimene chavulala ndi mtsempha wolumikiza mnofu ku fupa. Mtsempha umenewu sulandira magazi ambiri, n'chifukwa chake suchedwa kuvulala koma umachedwa kupola. Ululu ukapitirira miyezi itatu, vuto silikhalanso kutupa kokha ayi, mtsemphawo umakhala utayamba kuperepeseka m'kati. Brufen ndi diclofenac amene timagula pa kantemba amangogonetsa ululu, ndipo ukamamwa miyezi ndi miyezi amapweteka m'mimba ndi impso. Jakisoni wa steroid amathandiza kwa masabata angapo, koma kubaya kawirikawiri malo amodzi kumafooketsa mtsempha mpaka ukhoza kuduka.

Okonza mwambowu andipempha kuti ndinenepo za makina a shockwave, poti ambiri mwawaona pa foni. Choyamba, makinawa sagwiritsa munthu shoko ya magetsi. Amatumiza mafunde amphamvu a phokoso kudzera pakhungu. Anayamba mu 1980 ku Munich, m'dziko la Germany, kumene madokotala anaphwanya nawo miyala ya mu impso popanda kung'amba wodwala. Patapita zaka anawayesa pa mafupa ndi mitsempha, ndipo mu 2000 bungwe la FDA ku America linawavomereza pa ululu wa chidendene wokhalitsa. Katswiri amapaka mafuta pamalo powawa, n'kugunditsa kachipangizo kamene kamamenya mwina ka 2,000 m'mphindi zochepa. Zimawawa ndithu, asakunamizeni. Kumenyako kumadzutsa thupi kuti liyambenso kukonza malo amene linawasiya, ndiponso kumaziziritsa timitsempha tonyamula ululu. Munthu amapita katatu mpaka kasanu, kamodzi pa sabata, koma kusintha kwenikweni kumatha kutenga masabata 12. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kodi amachiza zonse? Ayi. Kumene aonetsa mphamvu kwambiri ndi pa chidendene ndi pa phewa limene muli timiyala ta kashiyamu. Pa chigongono ofufuza sagwirizana, ena apeza phindu, ena sanalipeze. Mayi woyembekezera, munthu amene akumwa warfarin, amene ali ndi chotupa kapena bala la mafinya pamalopo, ndi mwana amene mafupa ake akukulabe, sayenera kugundidwa ndi makinawa mwachisawawa. Choncho munthu akafika pamsika ndi kamakina m'chikwama n'kumati kamachiza shuga, BP ndi msana nthawi imodzi, mufunseni chiphaso chake cha Health Professions Council of Zambia. Akayamba kuzungulira, sungani ndalama zanu za soya.

Tsopano apa ndi pamene pali mtima wanga. Ngakhale kumaiko kumene makinawa ali mbwee, sayambira pa makina. Amayambira pa masewera olimbitsa mtsempha, ndipo makina amabwera masewerawo akalephera kwa miyezi ingapo. Mu 1998 dokotala wa ku Sweden, Håkan Alfredson, anatenga anthu 15 othamanga amene ankadwala mtsempha wa kumbuyo kwa chidendene. Anawauza kuima ndi zala pa sitepe n'kumatsitsa chidendene pang'onopang'ono, kawiri pa tsiku, kwa masabata 12. Onse anabwerera kothamanga. Sitepe ilipo pakhonde la tchalitchi chilichonse kuyambira ku Kacholola mpaka ku Minga. Chimene chikusowa ndi munthu wodziwa, woti akupime kaye, aone ngati si shuga, gauti kapena matenda ena a fupa, akuonetse kachitidwe koyenera, ndipo akuonenso pakatha mwezi.

Akuluakulu a Unduna wa Zaumoyo, pempho langa ndi ili. Makina tikuwafuna, ndipo ngati bungwe la inshuwalansi ya zaumoyo la NHIMA lingathe kulipirira chithandizochi m'zipatala zathu zikuluzikulu, munthu wa ku Luembe sadzagulitsa mbuzi kuti akwere basi ya ku Lusaka. Koma musanagule makina, lembani ntchito ana athu amene akumaliza maphunziro a mafizo ku Evelyn Hone ndi ku UNZA. Apatseni njinga yamoto ndi mafuta kuti azifika m'makiliniki a kumidzi. Makina opanda katswiri ndi opanda wowakonza amangokhala m'katoni.

Inu mafumu ndi anyakwawa, kauzeni anthu anu kuti phewa kapena chidendene chikawawa kuposa mwezi, apite kuchipatala mvula isanagwe, ntchito ya kumunda isanachuluke. Ndipo inu amene mwabwera mukutsimphina lero, musabwerere kunyumba osaonedwa. Akatswiri akukudikirani tikangotseka mwambo uno, ndipo ayamba ndi agogo athu.