Kabokosi kosunga dzina la msilikali

Ine ndine mtolankhani, ndipo ntchito yanga yagona pa mayina a anthu. Lero ndikufuna tikambirane za mnyamata wofera ku nkhondo, ndi njira yosalira ndalama zambiri yosungira dzina lake.

Pa 31 May 1916 sitima zankhondo za Britain ndi Germany zinamenyana pa nyanja ku Jutland. Mu sitima ya HMS Chester munali Jack Cornwell, wa zaka 16. Anzake a pa mfuti yaikulu atagwa, iye anaimabe pamalo pake kudikira lamulo, ali wovulala zedi. Anamwalira pa 2 June ku Grimsby. Poyamba anamuika m'manda a chisawawa ku Manor Park mu London. Nyuzipepala zitachita phokoso, anamufukula ndi kumuikanso mwaulemu, ndipo boma linamupatsa mendulo ya Victoria Cross. Dzina lake silinafe chifukwa panali anthu olitchula.

Nanga athu? Nkhondo yomweyo inafika pa Karonga pa 9 September 1914. Nyasaland inapereka asilikali a Keyala pafupifupi 19,000, ndi amtengatenga pafupifupi 200,000 omwe ankasenza katundu wa nkhondo pamutu. John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times chaka chomwecho kudandaula za mwazi wa anthu akuda mu nkhondo ya eni. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomera kuti anthu osachepera 116,000, ambiri a iwo a mu Africa, sanakumbukiridwe ndi mayina awo, mwinanso sanakumbukiridwe n'komwe. Nduna ya chitetezo ya Britain, a Ben Wallace, inapepesa mu nyumba ya malamulo. Chipilala chilipo ku Zomba, inde, koma chipepeso ndi chipilala sizifika kumudzi komwe mnyamata anachokera.

Apa ndi pomwe pakubwera kabokosi. Mu May 2000 boma la America linasiya kusokoneza dala zizindikiro za GPS kwa anthu wamba, ndipo m'masiku omwewo munthu wina ku Oregon anabisa chidebe nalengeza pa intaneti manambala a malo ake. Masewerowa amatchedwa geocaching, ndipo timabokosi totere tapitirira 3 miliyoni pa dziko lonse. Munthu amatsata manambalawo ndi foni, akapeza kabokosi amalemba dzina lake ndi tsiku mu kabuku kali m'katimo, nakabwezera pomwe anakapeza. Ku Britain ndi ku America ena amaika timabokosi totere pokumbukira msilikali mmodzi. Amalemba mbiri yake, zaka zake ndi komwe anafera, kotero wofunafuna kabokosiko amawerenga mbiriyo ndi kuyenda wapansi kukafika pamalopo.

Agogo anga ankatchula mchimwene wawo yemwe anapita ku Burma mu 1944 osabwerako. Manda ake sitinawaone, chithunzi palibe. Mabanja otere ndi ambiri. Ena mwa inu munakhala kunja kwa dziko zaka zankhaninkhani, ndipo mukudziwa kuwawa kwake dzina lako likaleka kutchulidwa kwanu komwe.

Wina afunsa kuti: kodi maliro asanduke masewera? Funso ndi labwino. Malamulo a masewerowa amaletsa kukumba pansi, ndipo amafuna chilolezo cha mwini malo. Kwathu kuno ndiye kuti tiyambire kwa amfumu ndi kwa eni mbumba, ndipo kumanda tisapiteko. Pali mtengo wa pa sukulu yomwe mnyamata anaphunzira, pali njira yomwe anadzera popita kukalembedwa usilikali. Mwana wa sukulu yemwe wayenda mtunda kuti akawerenge dzina sadzaliiwala msanga.

Pempho langa ndi ili. Aliyense afunse achikulire a kwawo dzina limodzi, mudzi ndi chaka, iwo asanatisiye. Aphunzitsi atithandize kulemba mbiriyo mu Chichewa ndi mu Chingerezi. Kabokosi ka pulasitiki, kabuku ndi pensulo sizidikira thumba la boma. Akuluakulu anati maliro n'kulirana, ndipo anyamatawa sitinawalire mokwanira.