Za Ufa Womanga Thupi: Mawu Otsekulira Maphunziro a Aphunzitsi a Masewero



Popeza masiku ano mnyamata akangoyamba kunyamula zitsulo kapena kumenya mpira amanong'onezedwa ndi anzake, ndiponso ndi zithunzi za pa Facebook, kuti minofu yake siidzatukuka kufikira atagula chitini cha ufa wa mapuloteni, chimene mtengo wake m'masitolo a ku Blantyre ndi ku Lilongwe ungadyetse banja masiku ambiri, ndaona kuti nkoyenera kuti nkhaniyi tiyambe nayo lero. Mapuloteni ndi ofunikadi. Pamene munthu avutitsa thupi ndi masewero olemera, minofu yake imang'ambika pang'onopang'ono m'katimo, ndipo m'nthawi yopuma ndi ya tulo thupi limatenga mapuloteni a m'chakudya ndi kukonza mong'ambikamo, nilimbitsa koposa kale. Munthu wamba amasowa magalamu 0.8 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake pa tsiku. Wamasewero, anena akatswiri, amasowa magalamu 1.2 kufikira 2. Tsono msungwana wothamanga wolemera makilogalamu 60 afunika magalamu 72 kufikira 120, ndipo nkwabwino kuwagawa m'zakudya za tsiku lonse, osati kuwaunjika pa mbale ya madzulo yokha. Opitirira muyesowo samanganso kanthu. Thupi limangowatentha, zotsala zake nkutuluka ndi mkodzo.

Kodi magalamu amenewa ali kutsidya kwa nyanja kokha? Iyayi ndithu. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6, kapu ya mkaka 8, magalamu 100 a mtedza ali nawo ngati 25, a soya wouma ngati 36, pamene usipa wouma, umene ena amaunyoza kuti ndi ndiwo za amphawi, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mapuloteni. Chimene chipereŵera m'chimanga nyemba zimakwaniritsa, kotero kuti amayi athu, pophatikiza nsima ndi nyemba, kapena potendera nkhwani, adatsogolera asayansi osadziwa. Ngumbi ndi mphalabungu sindizitchula nkomwe. Taonani abale athu a ku Kenya, kwawo kwa Eliud Kipchoge, amene mu 2019 ku Vienna adathamanga makilomita 42 maola awiri asanakwane: chakudya cha othamanga a kumeneko ndi ugali, ndiyo nsima yathu yomweyi, nyemba, masamba ndi tiyi wamkaka. Nanunso amene muwerenga Malembo mukumbukira za Danieli ndi anzake, m'mene anaonekera atakana zonona za mfumu.

Sindinena kuti chitinicho ndi tchimo. Ufa wotchedwa whey ndi madzi otsala pamene mkaka waundana popanga tchizi, ataumitsidwa. Ndi chakudya basi, ndipo kwa wamasewero amene ali pa ulendo, wosapeza mphika, ungathandize. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Akatswiri a ku Cologne, m'dziko la Germany, atayeza mitundu 634 ya zakudya zowonjezera zogulidwa m'maiko 13, adafalitsa mu 2004 kuti 94 mwa izo zinali ndi mankhwala oletsedwa okulitsa minofu, amene sadalembedwe konse pa chitini. Ndipo lamulo la WADA, bungwe lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewero limene lidakhazikitsidwa mu 1999, ndi louma: chopezeka m'mkodzo wa wamasewero chili pamutu pa wamasewero yemweyo, kaya adadziwa kaya sadadziwe, ndipo akhoza kuimitsidwa kufikira zaka 4, pamene wogulitsa uja ali phee m'sitolo mwake, kuwerenga ndalama.

Chifukwa chake, inu aphunzitsi, amene makolo akuikizani ana awo, mwana akadza kwa inu ndi chitini m'manja, musamkalipire. Yambani mwamfunsa chimene anadya m'mawa, pakuti ambiri mwa iwo amafika pa bwalo ndi mimba ya dzulo, ndipo wosakhuta nsima, ngakhale amwe ufa wotani, thupi lidzautentha ngati nkhuni m'malo momangira. Ngati chitinicho chifunikadi, apite nacho kwa dokotala kapena kwa katswiri wa kadyedwe. Safunsa anadya phula.

Wapampando, ndaona amayi akuphika kuseriku, ndipo fungo la usipa landifika kale. Ndi ulemu umene mwandipatsa, ndilengeza kuti maphunziro ano atsekulidwa.