Denga la kumudzi si denga la ku London

 

Ambirife muno tikumanga nyumba kumudzi pa foni. Timatumiza ndalama, mmisiri n'kutumiza zithunzi pa WhatsApp, ife n'kumalamula tili kuno. Lero ndikuuzeni za lamulo langa lina lomwe linawagonetsa mumdima amayi anga.

Kuno ku Britain mapanelo a sola amayang'ana kum'mwera. N'zoona, chifukwa tili kumpoto kwa ikweta, London ili pa madigiri 51, ndipo masana dzuwa limakhala chakum'mwera chaka chonse. Ndi nzeru zakunozo, ndinauza mmisiri ku Blantyre kuti aike mapanelo mbali ya kum'mwera. Anayesa kukana, koma mukudziwa, wotumiza ndalama satsutsidwa. Itafika June, amayi anaimba: batire ikumatha asanagone.

Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa ali kum'mwera kwa ikweta. Kumeneko mapanelo aziyang'ana kumpoto. Wina anena kuti mu December dzuwa la kwathu limapendekera kum'mwera. Inde, koma pang'ono chabe, limakhala pafupifupi paliwombo. Mu June ndi July m'pamene limatsamira kwambiri kumpoto, masiku n'kufupika, chiperoni n'kuphimba. Miyezi imeneyo ndiyo yoti muziiganizira.

Kupendekeka kwake kumasiyananso. Kuno ndi madigiri 35 mpaka 40. Abale a ku Johannesburg, inu ndi 25 mpaka 30. Ku Blantyre ndi ku Lilongwe 15 akwana. Koma musagoneke mapanelo chathyathyathya, chifukwa fumbi la mu October likhazikika pomwepo ndipo mvula siingatsuke bwino.

Ngati denga linamangidwa kale moyang'ana kum'mawa ndi kumadzulo, musagwetse malata. Kwathu dzuwa limadutsa pamwamba, ndiye zotayika n'zochepa. Mdani wamkulu ndi mthunzi. Mtengo wa mango kapena thanki ya madzi zikaphimba panelo imodzi, zinzake zolumikizana nayo zimafookanso. Musadule mango a amayi, sunthani mapanelo.

Amene simunafolere, tsegulani pulani yanu usiku uno muone mbali yomwe denga layang'ana. Amene munafolera kale, pemphani zithunzi zitatu za dengalo: cha m'ma 9 m'mawa, masana, ndi cha m'ma 3 madzulo. Ndipo mmisiri akakutsutsani, mumve kaye. Ine ndinalipira kawiri, kukweza ndi kutsitsa.